Mwana amaimba ABC yonse koma liwu la lembo salidziwa, ndimupangire chiyani pakhomo?

Mayi_wa_ku_Ndirande

Moni nonse. Ndikupempha nzeru kwa aphunzitsi a makalasi a ana aang'ono ndi alezi a sukulu za mkombaphala amene muli muno. Mwana ndi wa zaka 5, Sitandade 1 ayamba mu Seputembala. Nyimbo ya ABC amaimba mpaka kumapeto, koma mukamulozera lembo limodzi la pakati, amayambira pa A kuimba mpaka alifike. Mukamufunsa kuti mawu oti "moto" akuyamba ndi liwu lanji, amangokuyang'anani. Matchati a m'masitolo ndi a Chingerezi okhaokha, mtengo wakenso ndi wokwera. Kodi ndi zinthu ziti zomwe munthu angapange yekha ndi makatoni, zitsekerero za mabotolo ndi zina zotola, zoti zimuthandize kudziwa maliwu a malembo m'Chichewa? Ndiyambe ndi malembo ati, ndipo pa tsiku mphindi zingati? Chonde fotokozani kapangidwe kake bwinobwino, osangoti "muzisewera naye".

Mphunzitsi_Sitandade1

Mayi, mwanayo alibe vuto. Chomwe wagwira ndi nyimbo, ndipo nyimboyo imaphunzitsa mayina a malembo m'Chingerezi, omwe pa Chichewa amasokoneza. Taonani: lembo e m'nyimbo muja amalitcha "ii", pamene kwa ife i ndi lembo lina. Lembo i amalitcha "ayi", lembo a amalitcha "eyi". Mwana amene wagwira mayinawa mukamupatsa mawu oti "ine" amati "ayi, eni, ii", n'kusowa chomwe wawerenga. Nyimboyo aziimba posamba, palibe mlandu. Koma pa nthawi yophunzira muzimupatsa liwu: m ndi "mmm" milomo ili yotseka, osati "emu", osatinso "ma".

Mwayi wathu ndi woti Chichewa chimalembedwa pafupifupi momwe chimatchulidwira. Malembo a liwu ndi asanu okha, a e i o u, ndipo lililonse limamveka chimodzimodzi paliponse pomwe lili. Mwana akagwira maliwu ndi kaphatikizidwe kake, amatha kuwerenga ngakhale mawu omwe sanawaonepo. Ndi njira yomwe akaipeze kusukulu: mu 2016 sukulu za boma zinayamba kutsata ndondomeko yophunzitsira kuwerenga yotchedwa National Reading Programme, momwe mwana amayamba ndi kumva maliwu, kenako lembo ndi liwu lake, maphatikizo, mawu, mpaka ziganizo.

Musatsate a, b, c, d. Ndi malembo anayi amenewa simungapange mawu okwanira, ndiponso c m'Chichewa cha kuno sayenda yekha, amakhala ndi h nthawi zonse. Tsatani ndondomeko yomwe aphunzitsi amaitcha anikumeto: a, n, i, k, u, m, e, t, o. Awa ndi malembo opezeka kawirikawiri m'mawu athu, choncho phindu limaoneka msanga. Ndi a ndi n okha mwana wawerenga kale "ana". Mukaonjeza i pabwera "ina". Ndi k pabwera "kana", "ika", "aka". Ndi u, "anu" ndi "uku". Ndi m mawu amachuluka: "ima", "uma", "nama", "kama", "amama". Ndi e, "ine", "ena", "nena", "mame". Ndi t, "meta", "tema", "mutu", "uta", mpaka "matimati". Pofika pa o ali ndi "moto", "mano", "ona", "kuno", ndipo atha kuwerenga chiganizo chathunthu: "Ana akuona moto."

Chipangizo choyamba ndi zitsekerero za pulasitiki za mabotolo a zakumwa. Pezani 28, muzitsuke ndi sopo, ziume. Za mtundu umodzi, tinene zofiira, zikhale za malembo a liwu: a zinayi, ndipo i, u, e, o zitatu zitatu. Za mtundu wina zikhale za n, k, m, t, zitatu zitatu. Mitundu iwiriyi ili ndi ntchito: mwana amaona yekha kuti phatikizo lililonse limathera pa chofiira. Inki pa pulasitiki imafufutika m'masiku ochepa chifukwa cha thukuta la m'manja, choncho dulani timapepala toyera tozungulira, mulembe lembo lotalika masentimita 2, mumate pamwamba ndi kukuta ndi selotepi. Pansi pa lembo lililonse jambulani kamzere. Ambiri amaiwala kamzereka, koma chitsekerero n'chozungulira: n chikatembenuka amasanduka u, m amaoneka ngati w, ndipo mtsogolomu d adzasanduka p. Muuzeni mwana kuti kamzere kamayang'ana pamimba pake.

Lembani malembo aang'ono okhaokha. Aakulu adzabwera pa dzina lake ndi poyamba chiganizo. Lembo a mulilembe momwe timalembera pamanja, kabwalo ndi kandodo, osati lija la pafoni lokhala ndi denga, chifukwa la pamanjalo ndi lomwe iye azidzalemba.

Chachiwiri ndi malembo a mchenga, oti chala chiziyendamo. Dulani katoni yolimba masentimita 12 m'lifupi ndi 15 m'litali. Jambulani lembo lotalika masentimita 9, mzere wake wonenepa ngati chala. Chomatira phikani nokha: masupuni awiri a ufa wa chinangwa mu kapu imodzi ya madzi ozizira, vundulani mpaka zibuma zithe, ikani pamoto wochepa mukutakasa mpaka lilimbe ndi kuoneka ngati la galasi. Mukathira ufa m'madzi otentha kale limachita zibuma ndipo silimata. Likazizira pakani pa mzere wa lembo ndi kamtengo, wazani mchenga wosefa wouma, dikirani ola limodzi, gwedezani wotsala ugwe. Pomwe cholembera chimayambira ikani kadontho kofiira. Phala likachuluka katoni imapindika. Likauma pamwamba ipanikizeni usiku wonse pansi pa chinthu cholemera. Mchenga wosasefa umayoyoka chifukwa timiyala tikuluti sitigwira. Ndipo kumbukirani kuti phalali ndi chakudya kwa mphemvu ndi makoswe, katoni ndi chakudya cha chiswe, choncho zisungeni m'ndowa yovindikira, osati pansi m'mbali mwa khoma.

Nthawi: mphindi 10 mpaka 15 pa tsiku zakwana, bola tsiku lililonse. Mphindi zitatu kubwereza malembo akale osakanizasakaniza, zisanu lembo latsopano, zotsalazo kupanga mawu. Pa lembo latsopano, yambani inu kutchula liwu chala chikuyenda mu mchenga, kenako muchitire limodzi, kenako iye yekha. Lembo latsopano lizibwera pakapita masiku awiri kapena atatu. Akalephera awiri mwa akale, musaonjeze lina tsiku limenelo.

Mlezi_wa_mkombaphala

Aphunzitsi afotokoza bwino za malembo, koma funso la mayiwa lili ndi mbali ina yomwe isadumphidwe. Mwana amene sakumva kuti "moto" akuyamba ndi "mmm", vuto lake silili m'maso ayi, khutu ndi lomwe silinazolowere kugawa mawu. Kwa iye "moto" ndi chinthu chotentha basi, sanaganizepo kuti ndi phokoso lomwe lili ndi zidutswa. Musanatulutse chitsekerero n'chimodzi chomwe, tengani sabata imodzi kapena ziwiri mukusewera ndi khutu lokha. Izi sizifuna chipangizo, mutha kuchita mukusenda mbatata.

Yambani ndi kuomba m'manja, chifukwa phatikizo limamveka msanga kuposa liwu. Mo-to kawiri, ka-ndu-lo katatu, ma-ti-ma-ti kanayi. Dzina lake, la agogo, la galu wa pakhomo. Akazolowera, mupatseni timiyala tinayi aziika kamodzi pa phatikizo lililonse kuchokera kumanzere kupita kumanja, poti ndi momwe adzayendetsere maso powerenga. Mawu ngati "mtengo", "mpando" ndi "mkaka" muwasiye kaye. M wa koyambirirayo pakamwa amadziimira payekha, ena aomba katatu ena kawiri, ndipo ngakhale akuluakulu amatsutsana. Palibe chifukwa choti mkanganowo ugwere mwana wa zaka 5.

Kenako sewero la bilimankhwe. Muuzeni kuti bilimankhwe amalankhula momwe amayendera, pang'onopang'ono, ndipo iye azimasulira. "Kanditengere ka... pu." Akathamangira kapu, wapambana. Patapita masiku dulani kwambiri: "sss... o... po", kenako "mmm... a... nnn... o". Apa ndiye pagona luso lonse la kuwerenga, kulumikiza maliwu kukhala mawu, ndipo akuliphunzira asanaone lembo.

Sewero la lichero ndi la liwu loyamba. Ikani zinthu zisanu ndi chimodzi m'lichero, zitatu za liwu limodzi, zitatu za lina, iye azipatule. Za "k": kapu, kiyi, kandulo, kope. Za "m": mango, makala, machesi. Za "s": sopo, supuni, sokosi. Za "t": tochi, tiyi. Za "n": nanazi, nandolo. Poyamba phatikizani maliwu otalikirana monga "m" ndi "s". "M" ndi "n" amafanana kwambiri m'khutu, adikire. Kusankha zinthu ndi pomwe makolo ambiri amalakwitsa. Nsima, nkhuku ndi nyemba polemba zimayamba ndi n, koma khutu silimva "nnn" woyera. Mbale, mphika, khasu ndi thumba n'chimodzimodzi. Sankhani mawu omwe lembo loyamba likutsatidwa ndi a, e, i, o kapena u.

Mabuku a Chingerezi amalimbikira za mawu othera mofanana. Kwa ife zimenezo n'zopepuka kwambiri, poti pafupifupi mneni aliyense amathera pa a. Chuma chathu chili koyambirira kwa mawu. Nenani "Kamwana kanga kakang'ono kakukana kabichi" kapena "Timbuzi tating'ono tathawa", mumufunse chomwe chikubwerabwera. Chichewa chimapanga chokha ziganizo zotere, simuvutika kuzifuna.

Malembo akayamba, atulutseni panja. Jambulani phada pabwalo ndi kamtengo kapena khala, mabokosi asanu ndi limodzi, lililonse lembo limodzi lalikulu ngati phazi. Aponye phale, adumphe, atchule liwu la bokosi lililonse lomwe waponda. Masewero awiri aliwonse fufutani ndi kusintha malo a malembo, apo ayi aloweza malo, osati lembo. Nthawi zonse aziyambira mbali imodzi kuti malembo asamuonekere chadodolido.

Dothi nalo ndi labwino kwa zala. Sakanizani magawo atatu a dothi loumbira ndi gawo limodzi la mchenga wosefa, akulunge tinjoka tonenepa ngati chala chake, apinde kukhala lembo. Umitsani pamthunzi masiku awiri kapena atatu; padzuwa kunja kumauma msanga m'kati muli mwauwisi, lembo n'kung'aluka. Koipa kwa lembo la dothi n'koti lilibe kumaso ndi kumbuyo, b mukamutembenuza ndi d. Pakani laimu kapena choko mbali yakumaso likauma.

Chenjezo kwa amene ali ndi wamng'ono wokwawa pakhomo: zitsekerero, timiyala, nyemba ndi chimanga zimatsamwitsa, ndipo njere ana amazilowetsa m'mphuno ndi m'makutu. Werengani zinthu zanu potulutsa ndi pobweza. Zitsekerero zachitsulo zija za mano mano zimacheka ndipo zimachita dzimbiri, zisiyeni.

Mayi_wa_ku_Ndirande

Zikomo kwambiri nonse awiri. Zitsekerero ndapanga, kamzere ndaika. Maliwu a a, n, i, k, u, m akuwatchula bwino lililonse palokha. Pomwe tatsakamira ndi pophatikiza: ndikaika m ndi a pamodzi amati "mu-a", ndipo k ndi a amati "ke-a". Agogo ake akuti tikutaya nthawi, mwana amaphunzira ndi ma me mi mo mu monga kale. Kodi olondola ndani?

Mphunzitsi_wopuma_Dedza

Mayi, agogowo sakunama kwenikweni, musawatsutse pagulu. Chichewa chimayenda pa maphatikizo, ndipo munthu wodziwa kuwerenga saona m ndi a, amaona "ma". Kumeneko ndi komwe mwana akupita. Kusiyana kwake n'koti mwana wodziwa maliwu amatha kudzipangira yekha phatikizo lomwe sanaphunzitsidwe, pamene woloweza amadikira kuti wina amuimbire mzere watsopano. Choncho zonse ziwiri zikufunika, liwu poyamba, phatikizo posachedwa. Kukhalitsa miyezi pa maliwu okhaokha nakonso n'kulakwa.

"Mu-a" uja akuchokera kwa wamkulu amene akumutchulira. Lembo lopanda liwu, monga m, k kapena t, n'lovuta kulitchula lokha, ndiye pakamwa pamaonjeza kanthu kumapeto: "mu", "ke", "ti". Mwana amatola zonse. Dzimvereni nokha, kapena dzijambuleni mawu pafoni. Mankhwala ake ndi kusadula mpweya. Ikani m kumanzere, a kumanja, motalikirana ngati chikhatho. Gwirani "mmmm" osaleka uku mukukankha chitsekerero cha m, chikagunda a tsegulani pakamwa: "mmmma". Palibe kupuma pakati. Bwerezani mofulumirirapo mpaka zikhale "ma". Yambani ndi maliwu okokeka, m ndi n, pambuyo pake s, l, f, z. Koma k, t, p, b, d sakokeka, amangophulika kamodzi, n'chifukwa chake "ke-a". Pa amenewa muuzeni akonze pakamwa ngati akufuna kunena k koma asatulutse, ayang'ane lembo lofiira, atulutsire pomwepo: "ka". Masiku atatu kapena anayi a m ndi n okha, k abwere pambuyo.

Maphatikizo akayamba kutuluka, pangani thireyi. Thireyi ya mazira ya katoni ili ndi maenje 30, asanu mbali ina, asanu ndi limodzi mbali inayo, ngati kuti anaipangira ntchito imeneyi. Mbali ya asanu ndi ya a, e, i, o, u. Mbali ya asanu ndi limodzi ndi ya malembo opanda liwu: n, k, m, t, ndi mizere iwiri yodikira malembo otsatira. Pezani zitsekerero zina 20, chilichonse mulembe phatikizo lathunthu, na ne ni no nu mpaka ta te ti to tu. Dzenje lizidzazidwa pokhapokha malembo ake onse awiri ataphunzitsidwa; maenje opanda kanthu asakuvuteni maso.

Tsono msampha wa njira ya agogo uli apa. Ma me mi mo mu ndi nyimbonso, mchimwene wake wa ABC uja. Mwana atha kuimba mzere wonse maso ali kudenga. Muyeseni chonchi: lozani "mo" mwadzidzidzi. Mukaona milomo ikunong'ona ma, me, mi asanayankhe, akuwerenga masitepe, sakuwerenga lembo. Choncho mzere wa ma me mi mo mu awerenge kamodzi kokha, kenako awerenge chopingasa: na ka ma ta, no ko mo to. Kenako khuthulani zonse m'mbale, atole chimodzichimodzi, atchule, abwezere m'dzenje lake. Kubwezerako kumamukakamiza kuyang'ana malembo onse awiri. Tsiku lina bisani zitatu m'manja, apeze zomwe zasowa poona maenje. Pomaliza tulutsani ziwiri muziike pamodzi: mu ndi tu, ma ndi no. Akawerenga "mutu" agwire mutu wake, akawerenga "mano" aonetse mano. Popanda chimenechi mudzakhala ndi mwana wotchula bwino koma wosadziwa kuti zomwe watchulazo ndi mawu omwe amalankhula tsiku ndi tsiku. Musinthanitsenso malo: "mano" akhale "noma", "kana" akhale "naka", aone kuti dongosolo likasintha mawu asinthanso.

China chosavuta ndi kope lodula. Tengani kope lakale lomwe latsala ndi masamba 10 osalemba, dulani masambawo pakati kuchokera m'mphepete mpaka pa msoko, chikuto chisadulidwe, kuti pakhale gawo la pamwamba ndi la pansi. Ligoneketseni chopingasa, msoko ukhale kumtunda, magawo aja akhala kumanzere ndi kumanja. Tsamba lililonse phatikizo limodzi lalikulu. Mwana akatembenuza mbali imodzi mawu asintha: ka-na, ka-ma, u-ma, tu-ma, te-ma. Ena adzatuluka opanda tanthauzo, palibe choipa, mufunseni kuti "amenewa alipo kapena kulibe?" ndipo ana amaseka nazo. Koma inu yambani mwatembenuza nokha masamba onse mwana kulibe. Malembo akachuluka, maphatikizo ena akakumana amabala mawu olaula, ndipo mwana amawawerenga mokweza alendo ali pakhonde.

Akalakwitsa musamuuze yankho msanga, musamukalipirenso. Lozani lembo lomwe walakwitsa, mufunse liwu lake, abwerere poyambira. Werengani mumtima mpaka kasanu musanamuthandize.

Wa_zilankhulo

Ndionjezepo za mtsogolo pang'ono, poti anikumeto akatha ndi malembo ena osavuta monga l, s, d, w, z, p, y, b atalowa, phiri lenileni ndi malembo oyenda awiriawiri kapena atatu. Ana ambiri amene amawerenga "moto" bwinobwino amagwa pa "nkhuku".

Lamulo la chipangizo ndi limodzi: liwu limodzi, chitsekerero chimodzi. Ph, th, kh, ch, ny ndi ng' alembedwe pa chitsekerero chimodzi chimodzi, osati p payekha ndi h payekha. Mukawalekanitsa mwana amati "p... h... a", zomwe palibe Mchewa amanena. Ndipo ph wathu si f ngati m'Chingerezi, ndi p wotuluka ndi mpweya. Kuti mwana aone mpweyawo, agwire nthenga ya nkhuku kapena kapepala kopyapyala patsogolo pa milomo, motalikira ngati zala ziwiri. Anene "pala", nthenga ingogwedezeka pang'ono kapena ayi. Anene "phala", iuluka. Chimodzimodzi "kola" ndi "khola", "kama" ndi "khama". Chitirani m'nyumba, panja mphepo inamiza. Mawu awiriawiriwa alembeni pa makadi, inu mutchule amodzi, iye akweze khadi loyenera. Chichewa chimapatsanso mawu ena okongola pa ntchitoyi, pomwe h amathawa zinthu zikachuluka: khasu ndi makasu, thumba ndi matumba, phiri ndi mapiri. Ikani makadi awiriwo pamodzi afufuze chomwe chasowa.

Ng' ndi ng ndi maliwu awiri osiyana, kankhodolero kaja si kokongoletsa. "Ng'ombe", "ng'ona" ndi "ng'oma" mbali imodzi. "Ngolo", "ngozi" ndi "ngongole" mbali ina. Musawaphunzitse sabata imodzi. Pa chitsekerero kachizindikiroko kalembeni kakakulu, apo ayi mwana amakayesa litsiro.

Za mb, nd, nj, nkh, nth ndi anzawo, mangani kuchokera pa chomwe akudziwa: ba kenako mba, da kenako nda, kha kenako nkha. Thireyi ya mazira ija igwiranso ntchito, mungosintha mitu ya mizere. W ndi y olowa pakati n'chimodzimodzi: ma, mwa, ba, bwa, da, dya. Phatikizo limodzi lotere pa masiku awiri ndi liwiro labwino.

L ndi r musalimbane nazo m'khutu. Olankhula Chichewa ambiri sawasiyanitsa potchula, ndipo kusintha sikusintha tanthauzo. Ndi nkhani ya kalembedwe: kawirikawiri r amabwera pambuyo pa i kapena e, monga "lira", "bwera", "mbiri", pamene l amakhala koyambirira kwa mawu ndi pambuyo pa a, o, u, monga "mbale", "khola", "gula". Mwana wa zaka 5 angodziwa kuti onse awiri akawaona atchule momwe amalankhulira. Malembo q ndi x musawapangire zitsekerero, m'mawu a Chichewa mulibe.

Amene muli ku Mchinji kapena muli ndi abale ku Chipata, samalani ndi mabuku obwerekana. Ku Zambia liwu lomwe ife timalemba ch iwo amalemba c, "cinthu" m'malo mwa "chinthu", ndipo ch wawo ndi tch wathu. Palibe wolakwa, koma mwana woyamba kumene atsate kalembedwe ka dziko lomwe akalowe sukulu. Ndipo ngati pakhomo mumalankhula Chiyao, Chitumbuka, Chilomwe kapena Chisena, masewero a khutu omwe alezi afotokoza achitikire m'chilankhulo chomwe mwana amalota nacho. Luso logawa mawu limasamuka lokha kupita ku Chichewa.

Chingerezi chikhale ndi bokosi lakelake ndi nthawi yakeyake. Malembo opanda liwu ambiri monga m, n, t, k, s amamveka mofanana m'zilankhulo ziwirizi, choncho ntchito yomwe mwagwira sitayika. Osokoneza ndi a, e, i, o, u: lembo a m'mawu oti cat, cake ndi ball likumveka mitundu itatu. Chinanso, mawu a Chingerezi amatha kuthera pa lembo lopanda liwu, zomwe Chichewa sichichita, ndiye mwana amaonjeza lake n'kumati "kati" powerenga cat. Kwa abale amene ana awo ali m'sukulu za ku England nkhani imatembenuka: kumeneko amayamba maliwu a Chingerezi mwana ali ndi zaka 4 kapena 5, kawirikawiri ndi s, a, t, p, i, n, ndipo kumapeto kwa Year 1, kalasi ya ana a zaka 5 mpaka 6, amayesedwa kuwerenga mawu 40, theka lake ongopeka opanda tanthauzo. Ana otere akagwira Chingerezi, Chichewa chimawapepukira. Chofunika ndi thireyi imodzi yowakumbutsa kuti kwathu a ndi "a" nthawi zonse, ndiponso kuti e wa kumapeto amatchulidwa, "ine" si "ain".

Mphunzitsi_Sitandade1

Bambo a ku Dedza anena zoona pa "mu-a", ndikanayenera kuchenjeza poyamba paja. Pa kope lodula ndingoonjeza kuti mulembe mbali imodzi yokha ya tsamba, inki ikaonekera kuseri mwana amawerenga ziwiri nthawi imodzi.

Mayi, kuti mudziwe ngati zikuyenda, Loweruka lililonse yesani chonchi, osamuuza kuti ndi mayeso. Thirani zitsekerero za malembo onse omwe waphunzira m'kathumba, atole chimodzichimodzi. Chomwe watchula msanga chipite kumanja, chomwe wazengereza kapena walakwitsa chipite kumanzere. Za kumanzerezo ndiye ntchito ya sabata yotsatira, ndipo zikapitirira zitatu lembo latsopano lidikire. Kenako mutchulireni mawu atatu, monga "ana", "mutu", "kuno", awapange ndi zitsekerero kapena awalembe ndi chala mu mchenga wothira m'mbale yafulati. Kupanga mawu n'kovuta kuposa kuwerenga, choncho akadumpha lembo, tchulani mawuwo mwa bilimankhwe muja amve chomwe chasowa.

Kulemba malembo chotembenuza, makamaka b ndi d, n'kofala mpaka zaka 7, si chizindikiro cha matenda. Musawaphunzitse motsatizana, pakati pawo papite masabata awiri kapena atatu. Wamanzere musiyeni alembe ndi manzere, mungomupendeketsera pepala. Chomwe chikufuna chipatala ndi ichi: ngati patatha mwezi wa masewero a khutu sakusiyanitsabe "mmm" ndi "sss", kapena mumamuitana kangapo asanatembenuke, kapena khutu limatuluka mafinya, mupite naye akamuone makutu. Chimodzimodzi ngati amayandikitsa chitsekerero pamphuno kapena kutsinzina kuti aone lembo la masentimita 2.

Timapepala ta pa zitsekerero timamatuka nthawi ya mvula chifukwa cha chinyezi. Dulani tambiri nthawi imodzi, musunge m'botolo louma lotseka, kuti lembo likaonongeka mulisinthe tsiku lomwelo.